Nkhondo ya ku Cabo Delgado ndi phunziro la ma Khawarij

Akuluakulu a ku Dedza akukumbukirabe othawa nkhondo ochokera ku Angonia, amene adayamba kubwerera kwawo pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992. Nkhondo imasiya mfuti, umphawi ndi achinyamata osowa chochita, ndipo magulu oukira amakolola pomwepo.

Ma Khawarij adatuluka m'nkhondo ya Siffin mu 657. Pofika 661 adapha Sayyidna Ali (RA). Lero, kuyambira mu 2017 ku Mocímboa da Praia, gulu lodzitcha la jihad likupha anthu wamba, Asilamu omwe. Fiqh imakana zimenezi: kulengeza nkhondo ndi udindo wa mtsogoleri wovomerezeka, ndipo kupha amayi, ana ndi osamenya nkhondo ndi haraam.

Aphunzitsi, fotokozerani ophunzira mbiriyi ku madrasa asanaimve yopotozedwa pa WhatsApp.