Juzi ya pakaunjika ingateteze khanda lanu ku chisanu

Mukamasankha kaunjika pamsika wa Bolero kapena paboma pa Rumphi, musanyoze juzi yobooka pachigongono. Mu June ndi July, mphepo yochokera ku Nyika ikayamba kuluma, juzi yomweyo ingatuluke chipewa cha khanda.

Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, alibe mafuta okwanira osunga kutentha m'thupi. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndiye kutentha kwambiri kumathawira pamenepo. Kukatsika kupitirira madigiri 36.5, mwana amafooka, sayamwa bwino, ndipo shuga amachepa m'magazi.

N'chifukwa chake pachisamaliro cha kangaru, chomwe chinayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, mwana amagona pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, atangovala thewera, masokosi ndi chipewa.

Chipewacho sokani nokha. Sankhani juzi yofewa. Yaubweya wolasa ija isiyeni, imayabwitsa khungu. Ichapeni ndi sopo, iume padzuwa, kenako muisite. Yezani mutu wa mwana ndi kaulusi, mudule m'munsi mwa juzi pomwe pali mpendero wotamuka, musoke m'mbali ndi pamwamba. Msoko ukhale kunja. Mabatani ndi zingwe ayi, ngakhale zikongole bwanji: zingamutsamwitse kapena kumukola pakhosi. Zotsala za m'mikono zikwana masokosi.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mukapeza khanda lozizira ngakhale lili pachifuwa, kapena likukana bere, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, lili pachifuwa pomwepo.