Kusanza Magazi: Mdani Wobisala m'Chiŵindi

Pofika mwezi wa Seputembala alimi a fodya a m'zigwa za Kasungu amakhala ali kalikiliki kuthirira nazale zawo, miyendo ili m'madzi a m'madambo ndi m'madamu. M'madzi odekha otereŵa mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo la m'matumbo. Tizilomboti timaboola khungu, ndipo mazira ake amakakodwa m'chiŵindi nasiyamo zipsera.

Zipserazo zikachuluka, magazi ochokera m'matumbo amasoŵa podutsa. Monga madzi otsekeredwa m'ngalande, amafuna njira ina nalowa m'timitsempha ta kum'mero, m'chifu ngakhalenso m'matumbo. Timitsemphato timatupa, ndipo tsiku lina timaphulika. Munthu amene dzulo anali kupalira amayamba kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii. Ambiri amati walodzedwa, chikhalirecho gwero lake ndi chiŵindi. Kachasu ndi matenda a hepatitis B nazonso zimawononga chiŵindi mpaka kudzetsa vuto lomweli.

Wodwala wotere ayenera kuthamangira naye kuchipatala, pakuti madzi akatayika saoleka. Akamuwonjezera magazi, amamutumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 120 pa msewu wa M1. Kumeneko dokotala amaloŵetsa kudzera m'kamwa kapaipi kopindika kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga. Akawona mtsempha wotupa, amaukokera m'kachibekete ka kunsongako naumanga ndi kamphira. Patapita masiku angapo chomangidwacho chimafota nkuthothoka. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi dokotala wa ku America, Gregory Stiegmann, mu 1986. Mitsempha ya m'chifu ndi m'matumbo, imene imavuta kumanga, nthaŵi zambiri amaibaya mankhwala omata.

Komabe kamphira sikachiza chiŵindi. Wodwala ayenera kubwerera kukamangitsa mitsempha yotsala, kumwa mankhwala a propranolol mosadumphitsa, ndiponso kuleka moŵa. Amene aleka ulendo pofuna kusunga ndalama za feteleza amaika moyo wake pachiswe.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu. Mankhwala a praziquantel, amene amagaŵidwa m'sukulu, amapha likodzo lisanafike powononga chiŵindi, ndipo kuyambira mu 2002 makanda a m'Malaŵi amalandira katemera wa hepatitis B. Mwana amene wathaŵa mankhwala lero ndiye mlimi amene adzasanza magazi zaka 20 zikubwerazo.