M'mene gulu la alembi la ku Chancellor College linkakumanira ndi zomwe linasiyira dziko lino

ZOMBA: Si zachilendo kuti mphunzitsi wamkulu, woyang'anira laibulale kapena ofesi ya khonsolo alandire kalata yochokera kwa achinyamata yopempha chipinda choti azikumaniramo kamodzi pa sabata kuti aziwerengerana ndakatulo ndi nkhani zomwe alemba.

Pempho lotere limaoneka laling'ono poyerekeza ndi nkhani za misewu, mijigo kapena mankhwala m'zipatala, choncho nkosavuta kuti likhalitse m'faelo popanda woliyankha. Komatu mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti ambiri mwa alembi omwe anatchukitsa dzina la Malawi m'maiko akunja anasulidwa pa mikumano ya mtundu womwewu.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi gulu la Writers' Group, lomwe ena amalitchula kuti Writers' Workshop. Gululi linakhazikitsidwa m'chaka cha 1970 pa sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College, panthawi yomwe sukuluyi inali ikadali ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Sukuluyi itasamukira ku Chirunga mu mzinda wa Zomba m'chaka cha 1973, gululi linasamuka nayo limodzi.

Ena mwa omwe anadutsa m'gululi ndi a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula, a Felix Mnthali, a Ken Lipenga, a Anthony Nazombe komanso a Steve Chimombo. Panalinso aphunzitsi ochokera kunja monga a David Kerr, a Landeg White ndi a James Gibbs omwe anathandiza pa ntchito za gululi m'zaka zake zoyambirira.

Kachitidwe ka mikumano

Gululi linkakumana sabata iliyonse sukulu ikakhala yotsegula. Munthu yemwe walemba ndakatulo, nkhani yaifupi kapena sewero ankapereka ntchito yake isanafike nthawi ya mkumano. Ntchitoyo inkatayipidwa ndi kuchulukitsidwa pa makina opukusa, popeza makompyuta kunalibe, kuti aliyense wobwera akhale ndi pepala m'manja mwake.

Mfundo ya pepalayi isapeputsidwe. Munthu womvera ndakatulo ndi makutu okha amatengeka ndi mawu a wolakatula, ndipo ikatha amangoomba m'manja. Koma yemwe ali ndi pepala amatha kubwerera pa mzere wachitatu nkufunsa chifukwa chomwe mlembi wasankhira liwu lakuti osati lina, kapena kuonetsa kuti ndime yomaliza ikutsutsana ndi yoyamba. Apa ndi pomwe pali kusiyana pakati pa gulu la alembi ndi chisangalalo cha ndakatulo chomwe chimachitika m'maholo anthu atalipira pakhomo.

Ntchito ikawerengedwa mokweza, anthu ankayamba kuizukuta. Ankaona kamangidwe kake, mawu omwe agwiritsidwa ntchito, mafanizo ake komanso tanthauzo lake. Mlembi ankatuluka m'chipindamo akudziwa pomwe ntchito yake yalimba ndi pomwe yafooka, ndipo ambiri ankakailembanso.

Chinthu china chomwe chinkasiyanitsa mikumanoyi ndi kalasi wamba nchakuti mphunzitsi ndi wophunzira ankakhala pa mlingo umodzi. Ndakatulo ya mphunzitsi inkatha kudzudzulidwa ndi mnyamata wa chaka choyamba, zomwe sizinali zapafupi m'dziko lomwe mwana amaphunzitsidwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Panalibe mayeso, panalibe malikisi, ndiponso panalibe satifiketi yoti munthu alandire pamapeto. Chomwe chinkawabweretsa anthu sabata ndi sabata chinali mwayi wopeza owerenga osanyengerera, omwe ngakhale lero ndi osowa kwa mlembi wongoyamba kumene. Abale ndi anzake a mlembi kawirikawiri amangoyamikira poopa kumukhumudwitsa.

Zolemba za mamembala zinkatuluka m'kanyuzipepala ka The Muse komanso m'magazini ya Odi, yomwe inkasindikiza zolemba za m'Chingerezi ndi m'Chichewa. M'chaka cha 1971, patangotha chaka chimodzi gululi litakhazikitsidwa, linatulutsa buku la ndakatulo 39 lotchedwa Mau.

Nyengo yomwe gululi linkagwiriramo ntchito

Kuti munthu amvetse kufunika kwa mikumanoyi akuyenera kukumbukira malamulo a nthawi imeneyo. Dziko la Malawi linalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi m'chaka cha 1966. M'chaka cha 1968 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, lomwe linapereka mphamvu ku bungwe la Censorship Board zounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu, nyimbo ndi masewero. M'chaka cha 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya wa dziko lino.

M'nyengo yotere kunalibe malo ambiri omwe anthu akanatha kukambirana momasuka za kayendetsedwe ka dziko. Chipinda cha alembi chinasanduka amodzi mwa malo ochepawo, ngakhale kuti mamembala ankakhala ndi nkhawa yakuti pakati pawo pakhoza kukhala akazitape omwe akatule nkhani kwa apolisi.

Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ndakatulo zinachulukira kuposa mabuku a nkhani zazitali. Chifukwa china nchodziwikiratu: ndakatulo imakwana pa tsamba limodzi, ndipo ikhoza kuwerengedwa ndi kukambidwa pa mkumano umodzi. Koma chachikulu nchakuti ndakatulo imalola munthu kulankhula mophiphiritsa, monga momwe makolo ankachitira m'nyimbo za pamtondo, pomwe mayi ankadandaula za apongozi ake popanda kuwatchula dzina.

Alembi a m'gululi anatembenukira ku nthano, miyambi ndi mbiri ya makolo. A Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chomwe anthu amakhulupirira kuti chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiritsa madzi, monga zinachitikira ku Zomba m'chaka cha 1946. Iwo analembanso sewero la The Rainmaker lochokera pa mbiri ya M'bona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje. A Mapanje anatenga bilimankhwe, kanyama kosintha maonekedwe komwe kamapezekanso m'nthano ya chiyambi cha imfa, komanso dzenje la Chingwe la pa phiri la Zomba, lomwe mbiri ya pakamwa imati munkaponyedwa anthu.

Wounika mabuku akawerenga ndakatulo yotere ankaona nthano ya makolo, yomwe boma lenilenilo linkalimbikitsa m'dzina la chikhalidwe. Koma omwe anali m'chipinda muja ankadziwa kuti phiri lomwe likugumukalo si la Zomba lokha ayi.

Njirayi siinateteze aliyense mpaka kalekale. A White anathamangitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 1972. A Mnthali anatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu m'zaka za m'ma 1970, pomwe a Chipasula anachoka m'dziko muno nkukapitiriza maphunziro awo ku Zambia, kenako ku America.

Nkhani yomwe inamveka kwambiri ndi ya a Mapanje. Buku lawo la ndakatulo la Of Chameleons and Gods linasindikizidwa ku London ndi kampani ya Heinemann m'chaka cha 1981. M'chaka cha 1985 bukuli linachotsedwa m'sukulu, m'malaibulale ndi m'masitolo a mabuku m'dziko muno. Pa 25 September 1987 a Mapanje, omwe panthawiyo anali mkulu wa nthambi yophunzitsa Chingerezi pa Chancellor College, anamangidwa ku Zomba Gymkhana Club nkukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu. Iwo anakhala m'ndendemo zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 osauzidwa mlandu wawo, mpaka pomwe anatulutsidwa m'mwezi wa May 1991 alembi ndi mabungwe a m'maiko osiyanasiyana atachita kampeni yoti amasulidwe. Zomwe anaona kundendeko anazilemba m'buku la ndakatulo la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison la 1993 komanso m'buku la mbiri yawo la And Crocodiles Are Hungry at Night la 2011.

Mabuku ndi zofooka

Kupatula Mau, ntchito za mamembala a gululi zinatuluka m'mabuku angapo omwe anasindikizidwa m'dziko momwe muno. Kampani ya Popular Publications ya ku Limbe inatulutsa buku la masewero la Nine Malawian Plays lomwe anasonkhanitsa a Gibbs m'chaka cha 1976, komanso buku la nkhani zazifupi la a Lipenga la Waiting for a Turn m'chaka cha 1981. A Lipenga pambuyo pake anadzakhala mkonzi wa nyuzipepala, phungu wa Nyumba ya Malamulo komanso nduna ya boma. A Nazombe anasonkhanitsa ndakatulo za alembi ambiri m'buku la The Haunting Wind la 1990. A Chimombo, omwe anamwalira m'chaka cha 2015, anatulutsa Napolo Poems m'chaka cha 1987 ndipo anayambitsa magazini ya zaluso ya WASI.

Komabe sikungakhale kunena chilungamo kubisa zofooka za gululi. Kulemba mophiphiritsa kunali ndi mtengo wake. Ndakatulo yomwe yabisidwa kuti wounika mabuku asaimve imabisikanso kwa mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena kalaliki wa ku Chikwawa yemwe sanakhale nawo pa zokambiranazo. Zina mwa ndakatulo za nthawi imeneyo zimavuta kuzimasulira ngakhale kwa ophunzira a lero.

Kuwonjezera apo, ntchito zambiri zinali m'Chingerezi, ngakhale kuti Chichewa chinali chitasankhidwa kale kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968 ndipo bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Mabuku omwe anafika m'manja mwa anthu ambiri anali a alembi a Chichewa monga a Samuel Josia Ntara, a John Gwengwe, a E.J. Chadza ndi a Willie Zingani, makamaka kudzera m'sukulu. Ndipo munthu akayang'ana mayina omwe amatchulidwa pokamba za zaka zoyambirira za gululi, aona kuti pafupifupi onse ndi abambo.

Zitasintha zinthu

Riferendamu ya pa 14 June 1993 komanso chisankho cha 1994 zinathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi. Malamulo oyendetsera dziko lino tsopano amateteza ufulu wolankhula zakukhosi mu gawo 35, komanso ufulu wa munthu wogwiritsa ntchito chiyankhulo ndi kutsata chikhalidwe chomwe akufuna mu gawo 26. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, ndipo m'modzi mwa omwe analitsogolerapo, a Stanley Onjezani Kenani, anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine Prize m'zaka za 2008 ndi 2012. Ku Lilongwe, mlembi Shadreck Chikoti anayambitsa gulu la Story Club lobweretsa pamodzi alembi ndi aluso ena. Sukulu ya Chancellor College nayo inasintha dzina m'chaka cha 2021 pomwe makoleji a University of Malawi anapatulidwa, ndipo dzina la yunivesiteyi linatsalira ku Zomba.

Vuto la mlembi wa lero si wapolisi wogogoda pakhomo usiku. Iye akhoza kulemba ndakatulo m'mawa nkuiika pa Facebook kapena WhatsApp masana, ndipo pofika madzulo anthu mazana aiona. Chomwe chimasowa ndi munthu woti aiwerenge mofatsa isanatuluke. Zotsatira zake zimaoneka m'mabuku ena odzisindikizira okha omwe amafika pa msika ali ndi zolakwika za kalembedwe, ndipo mwini wake wataya kale ndalama zake kosindikiza.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudzira ogwira ntchito m'boma. Sukulu zasekondale zimafuna mabuku a ndakatulo, nkhani ndi masewero a m'Chichewa ndi m'Chingerezi omwe ophunzira amalembera mayeso a MSCE, ndipo mabuku otere sangalembedwe ndi anthu omwe sanasulidwepo. Mauthenga a zaumoyo, zaulimi ndi zachisankho omwe maunduna amafalitsa kudzera m'masewero a pawailesi amafunanso alembi odziwa kumanga nkhani yoti munthu aimvetsere mpaka kumapeto.

Zomwe gulu la alembi limafuna nzochepa: chipinda chokhala ndi mipando ndi kuwala, tsiku lokhazikika lomwe silisinthasintha, ndi njira yochulukitsira mapepala. Nthambi za National Library Service, malo ophunzitsirako aphunzitsi a TDC, maholo a makhonsolo komanso makalasi omwe amakhala opanda anthu ophunzira akaweruka, onsewa ndi malo omwe alipo kale ndipo safuna ndalama zapadera mu bajeti.

Pali chinthu chimodzi chomwe wopereka chipinda akuyenera kusamala nacho. Nkosavuta kuti ofesi yomwe yathandiza gulu iyambe kuliuza mitu yoti lilembe, kapena kulikumbukira pokhapokha kukubwera mlendo wolemekezeka yemwe akufunika ndakatulo yomulandirira. Gulu likafika pamenepo limaleka kuzukuta zolemba nkuyamba kukonzekera zisangalalo, ndipo mamembala omwe anabwera kudzaphunzira kulemba amayamba kujomba mmodzimmodzi.

Kumbali ya mamembala, nkhawa yomwe imabuka kawirikawiri ndi yakuti wina akhoza kuba ntchito yomwe yawerengedwa pagulu isanasindikizidwe. Lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza ntchito za alembi, ndipo bungwe la Copyright Society of Malawi, COSOMA, lomwe linayamba ntchito zake m'chaka cha 1992, ndi lomwe limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso. Gulu likhozanso kudziteteza lokha posunga kaundula momwe mlembi wa gulu amalembamo tsiku la mkumano, mutu wa ntchito yomwe yawerengedwa ndi dzina la mwini wake, nkusunga pepala limodzi la ntchitoyo m'faelo ya gulu.