Kugunda kwa Pansi pa Pikapu: Kumene Kucokera ndi Zoyenera Kucita

Nyengo yokolola ikafika, pikapu ya pafamu siona mpumulo. M'mawa yanyamula cimanga kupita ku depoti ya FRA, masana yakatenga nshawa kumunda, usiku yathamangira ku cipatala ndi wodwala. Ndi m'miyezi imeneyi pamene oyendetsa ambiri amayamba kumva kanthu pansi pa galimoto: akalowetsa giya n'kumasula kilachi, pansi pamveka kuti gu! Akacotsa phazi pa moto, gu! Ena amangokweza wailesi.

Mphamvu ya injini imadutsa m'giyabokosi, n'kulowa m'citsulo cacitali cozungulira cija cochedwa propela shafti, mpaka kufika ku difu, imene imaigawira mawilo akumbuyo. Zitsulo zonsezi anazipanga kuti zigwirane zolimba. Cimodzi cikadyeka pamatsala mpata, ndipo nthawi iliyonse imene muyamba ulendo, kubwerera m'mbuyo kapena kucepetsa liwiro, citsulo cimathamanga mumpatamo n'kukamenya cinzake. Nchito yanu ndi kupeza pamene pali mpatawo.

Coyamba cherani khutu kuti mudziwe nthawi imene phokoso libwera. Likamabwera posintha giya, ganizirani za shafti, difu, kapena mphira zimene injini ndi giyabokosi zikhalapo. Likamabwera pa mabampu ndi m'maenje okha, vuto kawirikawiri lili ku masipuling'i, mabushi ake, mashokabu kapena ma U-bolt omasuka. Pikapu ya 4x4 ikamalira kuti kha kha kha kutsogolo pokhota, ndiye kuti CV joint yatha, ndipo mukayang'ana mudzapeza mphira yake yoiphimba itang'ambika.

Musanalowe pansi, imikani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, kokani handibuleki, ndipo mupinge mawilo ndi miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Mukatero ikani giya pa nyutulo kuti shafti imasuke. Musagone pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha.

Kumathero onse a shafti kuli kacitsulo kooneka ngati mtanda, universal joint, kamene amakanika amangokachula kuti cross. Nthawi zambiri wolakwa ndi ameneyu. M'manja ake anayi muli timabering'i ting'onoting'ono tonga singano, timene timakhalira girizi. Girizi akauma, kapena madzi ndi fumbi zikalowamo, timasinganoto timapereseka. Gwirani shafti ndi dzanja limodzi, lina ligwire mbali ya ku difu, ndipo mupotokole uku ndi uku, kenako mukankhire m'mwamba ndi pansi. Cross wabwino sagwedera ngakhale pang'ono. Mukaona ufa wofiira wa dzimbiri kuzungulira tizivindikiro take, wauma kale m'kati. Zizindikiro zina ndi kulira kwa tswii tswii poyenda pang'onopang'ono ndi kunjenjemera kwa mpando pothamanga. Apa sipofunika kuzengereza, cifukwa cross wakutsogolo akaduka galimoto ili pa liwiro, shafti imagwa n'kubaya pansi, ndipo ingathe kuphwanya giyabokosi, kudula mapaipi a buleki, ngakhale kugubuduza galimoto pamodzi ndi anthu okhala kumbuyo.

Muli pomwepo, yesani ndi sipanala mabauti omanga shafti ku difu. Nthawi zina vuto lonse limathera pamenepo. Ngati shafti ndi ya zigawo ziwiri, yang'anani mphira ya centre bearing pakati, ngati siinang'ambike. Palinso malo amene shafti imalowana kuti izitalika ndi kufupika masipuling'i akamagwira nchito. Malo amenewa akauma, kugunda kumamveka poima ndi ponyamuka. Girizi pang'ono amathetsa zimenezi, koma musapopere mpaka kudzaza, pakuti shafti idzasowa polowera.

Za difu, kampata kocepa m'mano ake n'kacibadwa. Cimene ciyenera kukudetsani nkhawa ndi mpata waukulu, makamaka ngati palinso kulira kosalekeza pothamanga. Tsegulani bauti yothirira mafuta: mafutawo ayenera kufika m'mphepete mwa bowo. Pothira ena, onani mtundu umene buku la galimoto lanena. Madifu ambiri amafuna mafuta a GL-5. Pokhetsa akale, yang'anani maginito a pa bauti yapansi. Phala lakuda losalala si lacilendo, koma tizidutswa ta citsulo titanthauza kuti mano ayamba kuthyoka. Kukonza m'kati mwa difu kumafuna zida zoyezera, ndipo ine sindingalangize munthu kuti aphunzirire pa galimoto ya pafamu. Ipite kwa makanika.

Koma cross mungathe kusintha nokha ngati muli ndi vaisi, nyundo ndi pulayala. Musanamasule shafti, lembani mzere ndi penti pamene ilumikizana, kuti ibwerere monga inalili, apo ayi idzanjenjemera ngakhale cross ali watsopano.

Zimene zimatha zitsulozi msanga tizidziwa tonse. Pikapu ya tani imodzi malire ake ndi matumba 20 a makilogalamu 50, komatu pamenepo simunawerengere anthu. Kuyenda pa tala mutalowetsa 4H pa Hilux kapena Land Cruiser yopanda difu yapakati kumakakamiza shafti ndi ma cross. Ndipo m'dzinja, mukawoloka mtsinje madzi n'kufika pa shafti, pukutani timanipo ndi kupopera girizi watsopano tsiku lomwelo, mpaka watsopanoyo ayambe kutuluka m'manja onse anayi a cross.