Mota yakale ndi chuma, koma samalani zala

Mukamadutsa m'mashedi a akalipentala ku Mchesi kapena ku Ndirande, musaganize kuti makina onse amene akulira aja anagulidwa m'sitolo. Ena ndi mota yakale ya pampu ya madzi, lamba, mapule awiri, shafiti yokhala pa mabering'i ndi tebulo lowotcherera. Basitu, macheka ocheka matabwa apezeka. Anzanga, kwa mnyamata wopanda mpamba iyi ndi njira yabwino, bola adziwe zimene akuchita.

Choyamba, werengani kachitsulo kolembedwa pamotapo. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a 230V, ndiye mukufuna mota ya single phase. Mota zazikulu ngati za chigayo zambiri ndi za three phase, pa soketi wamba sizingadzuke. Onaninso mphamvu yake: hosipawa imodzi ndi mawati 746. Yochepera apo ingathe sandipepala kapena kunola zida, koma kung'amba thabwa lokhuthala ingotentha.

Chachiwiri ndi liwiro. Mota zambiri za mtunduwu zimazungulira pafupifupi ka 1,400 kapena 2,800 pa mphindi. Mapule ndi amene amasintha liwiroli. Mukaika pule ya masentimita 10 pa mota ya 1,400 ndi ina ya masentimita 5 pa shafiti, macheka azungulira ka 2,800. Musapitirire nambala yolembedwa pamachekawo, chifukwa dzino likathothoka limauluka ngati chipolopolo. N'chifukwa chake ine ndimaziopa mota za makina ochapira zokhala ndi mabulashi: zikakhala zopanda chowongolera liwiro zimadutsa 10,000.

Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, nthawi zambiri vuto ndi kapasita. Zimitsani, musayiyambitse ndi dzanja.

Koma nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi swichi. Kuno magetsi amathimathima. Akathima swichi ili yoyatsa, ndiye kuti akabwera makina adzuka okha, mwina dzanja la munthu lili pa macheka. Pali swichi yotchedwa NVR imene imadzizimitsa magetsi akathima, ndipo siyaka mpaka mutadinanso. Imeneyo musaumire ndalama.

Lumikizani waya wa earth ku thupi la mota, phimbani lamba, ndipo thabwa likamafika kumapeto muzilikankha ndi kamtengo. Utuchi muziuchotsa, chifukwa ukatseka mphepo mota imapsa. Za mawaya zisiyireni wodziwa zamagetsi. Mota ikapsa amaikulunganso, koma chala chikadulidwa simudzachipeza pamsika uliwonse.