Musanagule Galimoto, Yambani Mwafunsa

 Madzulo ano tikamba za chinthu chimene chimadya ndalama za mlimi msanga kuposa anankafumbwe m'nkhokwe. Chinthucho ndi galimoto.

Chaka ndi chaka, fodya akagulitsidwa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, alimi ena amene zawayendera bwino amayamba kuganiza zogula galimoto. Maganizo amenewa ngabwino ndithu. Galimoto itenga feteleza kunka naye kumunda, itenga mtedza ndi soya kunka nazo kumsika, ndipo usiku ithamangitsa mayi wodwala kuchipatala. Koma yendani m'midzi muone. Kuseri kwa nyumba zina kuli galimoto yokhazikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake sanali munthu wopusa ai. Anagula asanafunse, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono mufunse yani? Musayambe ndi wogulitsa, pakuti iye afuna ndalama zanu, ndipo palibe munthu anyoza mbuzi imene wabwera nayo pamsika. Yambani ndi makaniko wa pafupi ndi kwanu, amene adzagona pansi pa galimotoyo ikadzafa. Mufunseni kuti, "Galimoto ya mtundu wakuti mumaidziwa kodi? Chimavuta kawirikawiri n'chiyani? Zitsulo zake mumazitenga kuti?" Mukaona kuti akukanda mutu, dziwani kuti tsiku lina mudzalipira lole yoti iikoke mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pambuyo pake pitani pa siteji mukacheze ndi madalaivala a matola. Anthu amenewa ayenda msewu wanu womwewo tsiku ndi tsiku atasenza katundu wolemera, ndipo adziwa galimoto imene ipirira ndi imene itha masipuling'i mwezi umodzi. Funsani atatu kapena anayi, chifukwa munthu aliyense amatama yake.

Nkhani yaikulu kopambana ndi ya zitsulo zosinthira, zimene ambiri amati masipeyala. Galimoto iliyonse imafa, ngakhale yatsopano yochokera m'sitolo. Chosiyana n'chakuti ina idzuka mawa lake, ina igona miyezi itatu kudikira kachitsulo kochokera ku Dubai kapena ku Johannesburg. Chifukwa chake chitani chotere. Lembani papepala zinthu zimene zimatha msanga: mabuleki, sefa ya oyilo, sefa ya mafuta, lamba wa injini, kilachi, mashokapu ndi matayala. Tengani pepalalo muyende nalo m'masitolo a zitsulo a pa boma panu, mufunse mtengo wa chimodzichimodzi, ndiponso ngati chilipo lero lomwe. Mukatero ndi mitundu iwiri kapena itatu ya galimoto, mudzaona nokha imene ili yotsika mtengo m'choona. Galimoto imene ili yambiri m'dziko, monga Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, kapena malole aang'ono a Toyota Dyna, Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf, zitsulo zake sizisowa kwenikweni, zatsopano ndi zakale zomwe. Funsaninso ngati mtunduwo ukupangidwabe. Pikapu yaing'ono ya Nissan NP200 inaleka kupangidwa ku South Africa mu 2024. Zitsulo za galimoto yotere sizitha tsiku limodzi, koma wofuna kuisunga zaka khumi ayenera kuganizira zimenezi.

Kumbukirani kuti zitsulo zimenezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera. Munthu amene anathera ndalama zake zonse pogula, osasiya kanthu kokonzera, ndiye anayamba kuimika galimoto.

Tsopano za kapangidwe. Galimoto za masiku ano zili ndi nzeru zambiri m'kati mwake. Injini yake imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo ikavuta pafunika makina owerengera vutolo, amene makaniko wa pansi pa mtengo kawirikawiri alibe. Zina, monga Toyota Prius ndi Toyota Aqua, zimayendera petulo ndi magetsi pamodzi. Zimenezi sizimwa mafuta ambiri, ndipo m'tauni n'zabwino, koma batire yake yaikulu ikatha mtengo wake ngwoopsa, ndiponso zili pafupi ndi nthaka. Giya yosintha yokha ndi yokoma poyendetsa, koma yambiri ifuna oyilo wakewake, ndipo mukathira wina muiwononga. Kwa munthu wa kumudzi wonyamula matumba, ine ndiona kuti giya ya pamanja ndiyo yoyenera, pakuti amakaniko ambiri aidziwa, ndipo batire ikafooka anyamata angathe kukankha galimotoyo n'kulira.

Ganizirani msewu wa kwanu monga umakhalira mu February, osati mu August. Weramani muone kutalika kwa mimba ya galimoto kuchokera pansi. Onani ngati kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, amene apirira katundu. Werengani nambala yolembedwa pa tayala, ndipo mufunse ngati matayala a msinkhu umenewo amapezeka kwanu.

Galimoto zambiri zimene timati zatsopano kuno zinayendapo kale ku Japan, ndipo zimafika kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, zina kudzera ku Durban kapena ku Beira. Musakhulupirire utoto wowala, kapena nambala ya makilomita yokha, chifukwa anthu osaona mtima amaibweza m'mbuyo. Tengani makaniko wanu, mumlipire tsiku lake. Aone dzimbiri kunsi, pakuti kumadera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Ailize injini m'mawa isanatenthe, aone utsi: wobiriwira ngati mtambo usonyeza kuti injini ikudya oyilo. Nambala ya chasisi ifanane ndi yolembedwa m'buku la galimoto, ndipo pakhale umboni wakuti msonkho wa ku MRA unalipidwa. Ngati mugula yatsopano yeniyeni m'sitolo, funsani za lonjezo lakuti adzakukonzerani ulere ikavuta. Kawirikawiri lonjezolo ligwira ntchito pokhapokha muzipita nayo ku galaja yawo pa nthawi yake, tsono werengerani ulendo umenewo ngati mukhala kutali ndi mzinda.

Kwa inu mafumu, pali mawu awa. Kalabu ya alimi kapena kopaletivi ya m'mudzi mwanu ikafuna kusonkha ndalama zogulira lole, aitaneni pabwalo asanagule. Agwirizane za amene adzayendetsa, amene adzasunga makiyi, ndi ndalama zimene zidzapatulidwa pa ulendo uliwonse kuti zikhale za oyilo, matayala, inshuwalansi ndi chiphaso cha COF. Zonsezi zilembedwe m'buku, pakuti milandu ya lole yakufa imadzafika kwa inu nomwe, ndipo pa nthawiyo aliyense amati sanali iye.

Sabata yamawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za kasamalidwe ka ngolo ndi ng'ombe zokoka nyengo ya mvula isanafike. Tsalani bwino nonse.