John Ford ndi makauboi ake: kodi tinali kuombera yani m'manja?

Akulu-akulu amene anagwirako nchito ku migodi ufulu wa 1964 usanabwere akumbukira bwino baisikopo ya panja. Nsalu yoyera pabwalo, ana kutsogolo, akulu kumbuyo, ndipo kavalo akangoonekera phokoso lake silinali lamasewera. Mai wina wa ku America wofufuza za cikhalidwe ca anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake la Copper Town la mu 1962 analemba kuti kauboi aliyense wolimba mtima anthu anali kumucha Jack. Dzina lake leni-leni analibe nalo nchito. Ife obwera pambuyo tinawapeza makauboi amenewa m'tinyumba twa vidiyo, koma mtima unali umodzi-modzi: tonse tinali kumbali ya Jack.

Masiku apitawa tinakhala pansi kupenyanso ena mwa mafilimu amenewa, makamaka a munthu amene ambiri amati ndiye kholo la zonsezi, John Ford. Iye sanali kuonekera pa nsalu m'mafilimu amenewa ai. Anali dairekita, ndiye kuti mkulu amene amauza ojambula poimika kamera ndi osewera zocita. Anabadwa mu 1894 ku Maine m'dziko la America, makolo ake anacokera ku Ireland, banja la Cikatolika, ndipo dzina lake la ubatizo linali John Feeney. Anatsatira mkulu wake Francis ku Hollywood pa nthawi imene mafilimu analibe mau, ndipo pofika pa imfa yake mu 1973 anali atapanga mafilimu oposa 100.

Luso anali nalo, pamenepo palibe mkangano. Taonani Stagecoach ya mu 1939, filimu imene inakweza John Wayne. Anthu a mitundu-mitundu akwera ngolo imodzi ya akavalo: mkazi wa msilikali ali ndi pathupi, dokotala cidakwa, mkazi amene amai a ulemu wao anamupitikitsa m'tauni cifukwa ca uhule, ndiponso mkulu wa banki wobvala bwino amene alankhula za makhalidwe abwino njira yonse. Mwana akabadwa pa ulendo, amene athandiza ndi cidakwa cija ndi mkazi wonyozeka uja. Mkulu wa banki ndiye wakuba, ndalama za anthu ziri m'cikwama cake. Akristu anzathu, ulaliki wa Mfarisi ndi wamsonkho suposa pamenepa.

Koma m'filimu yomweyi muli anthu ena amene sapatsidwa mpata wolankhula. Ndi a mtundu wa Apache, amene athamangitsa ngolo ija pa akavalo nagwa mmodzi-mmodzi, kufikira lipenga la asilikali litamveka. Pa baisikopo apa ndi pamene anthu anali kuimirira ndi kuimba mluzu. Nanga amene anali kugwao anali ayani? Anali eni dziko, amene malo ao ndi nyama zao zinali kutengedwa ndi obwera. Ife a ku Chipata nkhani yotere siyacilendo. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, Nsingo anaomberedwa, ng'ombe zikwi-zikwi zinatengedwa, ndipo nthaka yabwino inapita m'manja mwa kampani ya North Charterland, eni ake nkukankhidwira ku malizevu. Adzukulu a anthu omwewo ndiwo anali kuombera m'manja lipenga la asilikali pa nsalu. Sitiwaseka, pakuti nafenso tinaomba.

Cimene citibvuta pa Ford ndi cakuti kulandidwa munda anali kukudziwa bwino. Mlimi aliyense ayenera kupenyako The Grapes of Wrath ya mu 1940, yocokera m'buku la John Steinbeck. Si ya makauboi. Ndi ya alimi osauka a ku Oklahoma amene cilala cinawatha, eni minda ndi mabanki nkuwacotsa. Pali pamene thirakitala ibwera kudzagumula nyumba ya mlimi, iye atenga mfuti, koma apeza kuti woyendetsa ndi mwana wa mnansi wake, amene nayenso afuna codyetsa ana. Uombera yani? Kampani ilibe nkhope. Banja likweza katundu yense pa lole yakutha kupita ku California kukathyola zipatso, komwe apeza malipiro osakwanira ndi cakudya comwe. Caka cotsatira anapanga How Green Was My Valley, nkhani ya banja la okumba malasha ku Wales, malipiro kutsika, sitalaka, ana kubalalika. Mafilimu awiriwa anamupatsa mphotho ya Oscar, ndipo anapatanso zina ziwiri pa The Informer ya mu 1935 ndi The Quiet Man ya mu 1952, zonse nkhani za ku Ireland. Zinai pamodzi, ndipo palibe ngakhale imodzi ya filimu ya makauboi.

Tsono cifundo anali naco, koma kwa zaka zambiri cinali kufika pa mzungu wosauka nkuima pomwepo. Kwathu kuno ku Africa anabwerako kudzajambula Mogambo ya mu 1953 ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndipo mmenemo anthu akuda ndi onyamula katundu ndi opalasa bwato, nkhani yonse ndi ya cikondi ca Clark Gable, Ava Gardner ndi Grace Kelly.

Kusintha kunayamba kuoneka mu 1956 ndi The Searchers, imene ife tiyesa ndiyo yaikulu pa zonse. John Wayne asewera Ethan Edwards, amene afuna-funa mwana wamkazi wa mbale wake wotengedwa ndi a Comanche. Zaka zisanu ali pa kavalo. Poyamba umuyesa Jack wa masiku onse, koma pang'ono-pang'ono uona kuti munthuyu ndi wodwala cidani. Aombera maso a mtembo wa Mcomanche. Aombera njati zambiri-mbiri kuti eni dziko asowe cakudya. Ndipo pamene mtsikana uja wakula nakhala mkazi wa mfumu ya Acomanche, Ethan samufunanso kuti amupulumutse, afuna kumupha cifukwa kwa iye wadetsedwa. Pomaliza amunyamula m'manja nabwerera naye kwao, koma onse atalowa m'nyumba iye atsala panja, citseko nkutsekeka. Ford anaonetsa poyera kuti munthu amene tinali kumuombera m'manja sayenera kukhala pakati pa anthu. Komabe mfumu ya Acomanche ija anaisewera Henry Brandon, mzungu wobadwira ku Germany wopakidwa utoto.

Mu 1960 anapanga Sergeant Rutledge, mmene Woody Strode, munthu wakuda, ndiye mwini nkhani: sajeni amene anamiziridwa kugwirira ndi kupha mtsikana wacizungu, naimbidwa mlandu pa bwalo la asilikali. Ku Hollywood ya masiku amenewo cinali cinthu cosowa. Filimu yake yotsiriza ya makauboi, Cheyenne Autumn ya mu 1964, inafotokoza za a Cheyenne amene mu 1878 anathawa ku rizevu ya ku Oklahoma kumene njala ndi matenda zinali kuwatha, nayenda ulendo wautali kubwerera kwao kumpoto, asilikali ali pambuyo. Ena amati uku kunali kulapa. Ngati kunali kulapa, kunabwera mocedwa ndipo kunali kopereweza: filimuyo ndi yaitali, yotopetsa, ndipo mafumu a Cheyenne anawasewera Ricardo Montalbán ndi Gilbert Roland, obadwira ku Mexico. Tinaipenya mpaka kumapeto cifukwa ca nchito cabe.

Malo a miyala itali-itali yofiira amene mumaona m'mafilimu ake ambiri ndi Monument Valley, pa malire a Arizona ndi Utah, dziko la mtundu wa Navajo. Iwo ndiwo Ford anali kuwalemba ganyu kuti akhale Apache lero, mawa Comanche, mkuja Cheyenne, ndipo pa zaka za umphawi ndalama imeneyo inawathandiza ndithu. Kuyambira mu 1958 malowo ndi paki ya a Navajo eni ake. Alendo amene afuna kukaima pa thanthwe lochedwa John Ford's Point amayamba alipira pa geti, ndipo wolandira ndalama ndi Mnavajo.